Mendulo M'chitini cha Koko

Dembina, Poland, 10 Malichi 1957

Mlongo wanga Teofil,

Landira moni wochokera kwa ine mchemwali wako Ludwika ndi kwa amayi. Ife tilipo, kaya iwe ndi mkazi wako wachingerezi uja amene dzina lake limandiluma lilime. Chisanu chatha, koma chifuwa cha amayi sichinapite nacho. Amatsokomola mpaka nkhuku kudzidzimuka m'khola, ndipo ukawatchulira dokotala akuti dokotala wawo ndi tiyi wothira uchi.

Zaka zonsezi takhala tikulemberana za nyengo ndi nkhuku basi, osatchula munthu dzina. Tsopano akuti boma lafewako, ndiye ndilemba zenizeni. Ansembe athu aloledwa kuika mwala pakhoma la tchalitchi, wolembapo mayina a anthu a m'mudzi muno amene nkhondo inadya, ndipo adzauvundukula pa Tsiku la Oyera Onse. Ndinapita kukalembetsa mng'ono wako Seweryn. A komiti ya mwalawo anandiyang'ana ngati ndabwera kudzawagulitsa mazira owola. Akuti umboni uli kuti?

Iwe unatilembera nkhondo itatha kuti Seweryn anali wamfuti kumchira kwa ndege yoponya mabomba, kuti Angerezi anamupatsa mendulo ya kulimba mtima, ndi kuti ndege yake inagwa ku Jeremani mu 1943. Tinakhulupirira, tinalira, tinaitanitsa misa. Koma ansembe atalembera ku ofesi yofufuza anthu osowa pankhondo, yankho labwera loti pakati pa asilikali a ndege panalibe munthu wotchedwa Seweryn Mazan. Wamoyo palibe, wakufa palibe.

Pakamwa pa anthu sungaikepo chitseko. Ena ayamba kale kunena kuti ali ku Argentina ndi mkazi wa mwini. Wapampando wa komiti, mwini mphero uja, anandiuza m'maso muli gwa kuti, "Mayi, mwalawu ndi wa akufa, si wa osowa."

Tumiza mendulo ija. Wakhala ukunena kuti uli nayo. Amayi akuti satseka maso asanasisite dzina la mwana wawo pamwalapo ndi chala chawo. Potumiza uikemonso singano za makina, zathu zonse zinathyoka.

Ndine mchemwali wako,
Ludwika

Mansfield, England, 2 Meyi 1957

Achemwali,

Kalata yanu ndinailandira. Ndili bwino, ndikadali ku fakitale ya masokosi. Doreen akupereka moni, ndipo akuti dzina lanu nalonso limamuluma, ndiye mwafanana. Amayi muwauze kuti uchi si jakisoni. Ndatumiza singano, khofi ndi nsalu yofunda yoti muwasokere chovala cham'kati.

Tsono musandikwiyire. Emvulopu yanu inafika ndi guluu wa anthu awiri, wanu wopyapyala ndi wina wonenepa wopaka ndi chala cha munthu wothamanga. Ndikufunseni mosabisa, kalata ija munalemba nokha? Panalibe wapolisi wachinsinsi wa chipewa ataima kumbuyo kwanu? Mnzanga wina kuno analandira kalata yokoma ngati yomweyi, naye anamva kuti boma lafewa, anatumiza zithunzi za ku nkhondo ndi mayina a anzake. Mapeto ake mkulu wake anakalowa m'ndende, ndipo anatulukamo alibe mano. Zaka khumi mwakhala chete pa za Seweryn, lero mwadzidzidzi mukufuna mendulo ya Angerezi ilowe m'dzikomo kudzera pa positi. Inuyo mukanakhala ine simukananunkhiza kanthu?

Ngati ndinudi mukufuna, ndiuzeni chimene ndinaswa pa ukwati wa azakhali a Pelagia.

Mendulo ilipo, ndipo Seweryn anaigwirira ntchito. Koma si chinthu choti mukaike patebulo pamaso pa komiti. Chifukwa chake musandifunse m'kalata yodutsa m'manja mwa anthu. Mwini mpheroyo musiyeni aziyankhula, nkhondo yonse iye anathera kugayira Ajeremani tirigu.

Mlongo wanu,
Teofil

Dembina, 16 Juni 1957

Teofil,

Moni ndikukupatsa chifukwa amayi andiuza kuti ndikupatse. Unaswa mtsuko wa nkhaka zoviika mumchere, n'kunamizira galu, galuyo n'kukwapulidwa iwe ukudya keke. Wakhutira? Amene akundigwira dzanja polemba kulibe, kupatula nyamakazi.

Popeza wayamba ndiwe kununkhiza, nanenso mphuno ndili nayo. Ndatulutsa chithunzi chimene unatumiza pa Khirisimasi, chija unajambulitsa kuholo ya asilikali akale utatupa ngati nkhukundembo. Ndinabwereka galasi lowerengera la ansembe. Unatiuza wekha kuti iwe unali wa wailesi m'ndege ndipo mendulo ya kulimba mtima sunalandire. Nanga yooneka ngati dzira ija, ya kansalu ka mizere yopendekeka, imene yadzipatula kumanja kwa chifuwa chako, ndi ya yani? Ukuvala thukuta la mng'ono wako kuti Angerezi azikugulira mowa?

Ndagona nazo, ndadzuka nazo, ndipo ndikuona njira zitatu. Mwina ukuikakamira chifukwa yakukomera. Mwina unagulitsa chithunzi chitajambulidwa. Mwina mendulo ya Seweryn kunalibe chiyambire, Seweryn ali moyo kwinakwake, ndipo iwe unatiliritsa maliro a munthu amene akudya nyama. Ngati zili choncho nena, ndikavule amayi chakuda chimene avala zaka zonsezi.

Wosema miyala wayamba kale kujambula mizere. Zengerezu adalinda kwawukwawu, Teofil. Dzulo amayi anandifunsa katatu ngati wa positi wadutsa, ndipo kachitatuko ndinawanamiza kuti njinga yake yafa.

Ludwika

Mansfield, 19 Ogasiti 1957

Achemwali,

Ndinudi, palibe wapolisi angatukwane mwaluso chotero. Mendulo ya wachibale womwalira timavala kumanja, za ife eni kumanzere. Ndi mwambo wa kuno, si umbava.

Ndatumiza. Ili pansi pa chitini cha koko, ndakulunga m'kansalu ndi kumatanso chivundikiro. Koma mverani, chonde. Musaionetse munthu aliyense, ngakhale ansembe, ngakhale amayi, mpaka mutawerenga kalata ina yaitali imene ndikulemba mawa. Imeneyo siidutsa pa positi. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu kuno akupita kukaona abale ake ku Tarnów, ndipo walonjeza kudzakupatsani pamanja. Mukaona chimene chalembedwa m'mphepete mwa menduloyo musathamange ndi mtima. Dikirani.

Teofil

Dembina, 22 Seputembala 1957

Teofil,

Mayi wako wa ku Tarnów sitinamuone, ngati alipo n'komwe. Phukusi lokha ndi limene lafika, ndipo lafika lotsegula. Chitini anavundukula, koko anatayikira munsalu, mendulo ili pamwamba penipeni, wina ataipukuta bwinobwino kuti awerenge. Mkazi wa ku positi anandipatsa akumwetulira, n'kunena kuti, "Ludwika, sindinadziwe kuti masiku ano mumalandirira anthu ena katundu."

Ndinafika kunyumba, ndinaima pawindo, ndinawerenga m'mphepetemo. A. KURAS. Ndinawerenganso poganiza kuti maso andinamiza. Anzelm Kuras, mwana wa aneba athu a kutsidya kwa mlatho, amene iwe ndi Seweryn munachoka naye limodzi nkhondo itayamba!

Ndisanavule ndi mpango womwe, mayi Kuras anali atafika pakhomo, opanda nsapato, ufa uli m'manja. Wa ku positi uja anali atawatumizira kale mawu.

"Ludka, ndamva kuti mwana wanga wabwera m'chitini."

"Mayi, khalani pansi kaye. Pali kulakwitsa penapake."

"Kulakwitsa? Ndiye kuti Ajeremani nawonso analakwitsa?"

Izi sunazimve chifukwa sizinali zolemba m'kalata. Mu 1943, nthawi yokumba mbatata, Ajeremani anabwera ndi galimoto kwa a Kuras. Anati mwana wanu Anzelm akuponya mabomba ndi Angerezi, ndege yake tagwetsa, ndipo mapepala ake atchula mudzi uno. Anatenga bambo ake, a Walenty, ali ndi khasu m'manja. Sanabwerere. Kuyambira pamenepo mayi Kuras akhala akuuza aliyense kuti mwana wawo anali wa ndege, ndipo mudzi wonse wakhala ukuwaseka kumbali. Anzelm amene ankanjenjemera pa makwerero okwerera padenga, akwere ndege? Anthu ankati chisoni chawazunguza mutu.

Anandilanda m'manja, anaipsompsona, anaiika pachifuwa, n'kuyamba kuyankhula nayo ngati khanda. "Ndinkawauza ine. Ndinkawauza, Anzelm wanga, koma ankati mayi ako apenga." Amayi athu anali pabedi, akuyang'ana zonsezi. Ndinachita kuichotsa m'zala zawo mokakamiza, ndi kuwauza kuti sindingapereke mpaka mwini phukusi atafotokoza. Anachoka akundinena kuti ndine mbava yobera akufa, ndipo msewu wonse unamva.

Tsono ndiyankhe, iwe. Wasunga mendulo ya mwana wa aneba zaka zonsezi, mayi ake akusekedwa, iwe n'kumaivala kuholo? Ndipo utaona kuti takupanikiza, waitumiza kuti utitseke pakamwa, poganiza kuti akazi a ku Dembina sawerenga zilembo zazing'ono? Mwini mphero akuyenda mimba patsogolo, akuti ananena kale. Ndachita manyazi mpaka Lamulungu m'tchalitchi ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi madzi odalitsa.

Za manyazi zisiye. Seweryn ali kuti? Ndiuze chimenecho chokha.

Ludwika

Mansfield, 20 Ogasiti 1957
(inafika ku Dembina pamanja pa 9 Okutobala)

Achemwali okondedwa,

Pano ndingayankhule momasuka. Pofika lero mwaona dzina lili pamenduloyo, ndipo ndikudziwa nkhope imene mwapanga.

Titafika ku England, akuluakulu anatichenjeza kuti amene ali ndi abale kumudzi asauluke ndi dzina lake lenileni. Ndege ikagwa Ajeremani amawerenga dzina, kenako amapita kukagogoda kwa makolo ako. Ambiri tinasintha. Ine ndinali Borek mpaka nkhondo kutha, dzina limene ndinaliona pa chikwangwani cha sitolo. Seweryn anatenga la Anzelm Kuras.

Anzelm sanafike n'komwe ku England. Anamwalira ndi malungo a nsabwe mumsasa wa ku Romania, chisanu choyamba chija, atagona pa udzu pakati pa ine ndi Seweryn. Tinamuika tokha. Seweryn anasunga mapepala ake kuti adzapereke kwa makolo ake. Koma tili ku France tinakumana ndi munthu wa m'mudzi woyandikana ndi wathu, amene analumbira pa mtanda kuti bomba linagwera nyumba ya a Kuras ndipo onse anapsera momwemo. Ndiye Seweryn anati, "Dzina ili lilibenso mwini woti angavutike nalo. Ndiliulutsa, Anzelm aoneko kumwamba, mwina asiya mantha." Mukumudziwa mmene ankasekera. Dzina anasintha, koma mudzi anakana kusintha pamapepala. Ankati akafa uthenga uzipita ku Dembina, kumeneko wina adzadabwa, ndipo amayi adzamva okha mumtima.

Mendulo anailandira chonchi. Akubwerera koponya mabomba, chipolopolo chinayatsa moto pakati pa ndege. Iye anatuluka m'kachipinda kake ka kumchira, anakwawa mumdima ndi mu utsi, anazima motowo ndi jekete, jekete itapsa anapitiriza ndi manja. Atatha anabwerera pa mfuti yake, chifukwa ndege ya adani inali ikadawatsata. Anzake onse anafika amoyo. Tsiku lomuveka, zala zake zinali zisanapole, ndipo anachitira sawatcha mkulu wa asilikali ndi dzanja looneka ngati mtolo wa zochapa. Atachira anabwerera kuntchito, ndipo sanathe miyezi iwiri. Menduloyo anaisiya m'bokosi langa.

Ndicho chifukwa ofesi ija sikumudziwa Seweryn Mazan. Manda ake ali ku Jeremani, ndipo pamtanda pake palembedwa Kuras. Ndinkazengereza chifukwa ndinkadziwa kuti komiti ikaona dzinali idzati taba. Muwafotokozere ansembe mwakachetechete, iwo amvetsa. Chotonthoza n'chakuti njira ija inagwira ntchito. Ajeremani sanagogode pakhomo panu, ndipo palibe amene anavulala nayo.

Mundipsompsonere amayi.
Teofil

Mansfield, 14 Okutobala 1957

Achemwali,

Kalata yanu ya mu Seputembala yandipeza dzulo. Ndinaiwerengera pa basi, ndipo ndinapitirira potsikira mpaka kondakitala anachita kundigwedeza. Mayi wa ku Tarnów uja akuti anadwalira panjira, koma ndikhulupirira yanga yaitali yakufikani tsopano.

A Walenty! Amene ankatipatsa mapeyala a m'munda mwawo. Ndikulumbira pa manda a bambo athu kuti sitinkadziwa, ine kapena Seweryn. Munthu wa ku France uja ndikanakumana naye lero sindikudziwa chimene ndikanamuchita.

Komabe mendulo ndi ya Seweryn. Manja amene anapsa ndi ake. Ndapita kale ku bungwe la asilikali akale a ndege, ndipo akuti angalembe chikalata chodinda chotsimikiza kuti A. Kuras wa pamenduloyo ndi Seweryn Mazan wa ku Dembina. Awiri mwa anzake a m'ndege ija ali moyo ndipo asaina. Mukangoti tumiza, nditumiza ndi ndege, chifike wosema miyala asanamalize. Amayi adikira mokwanira. Yankhani msanga.

Teofil

Dembina, 4 Novembala 1957

Mlongo wanga,

Moni. Ndayamba ndi kupepesa, chinthu chimene sindinazolowere, ndiye uchisunge bwino chifukwa sichibweranso. Ndinakutcha wakuba ndi wabodza. Suli chilichonse mwa ziwirizi.

Makalata ako onse awiri ndinawawerengera amayi. Pa moto paja anandiimitsa, anati ndibwereze. Ndinabwereza. Pamene unalemba kuti palibe amene anavulala nayo, anatembenukira kukhoma, ndipo tsiku limenelo sanadye. Yachiwiri itafika ine ndinali nditatenga kale pensulo kuti ndikuuze utumize chikalatacho. Amayi anati, "Ika pansi."

Ndinati, "Amayi, chatsala n'chiyani? Umboni wapezeka. Mwini mphero ameze mawu ake."

Anati, "Chikalata chimenecho udzakawawerengera ndiwe mayi Kuras? Udzawauza ndiwe kuti mwana wawo anafera pa udzu ndi nsabwe, ndipo amuna awo anafera dzina limene mwana wanga anatenga?"

"Sanadziwe, amayi."

"Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, ndipo izi zinapota mkulu wa khomo lina. Galimoto ija inkabwera kuno, Ludka. Ikanatenga bambo ako, mwina ndi iwe womwe. Dzina tinabwereka osapempha, eni ake analipira ndi mwamuna wa pakhomo. Lero tikawalandenso mwana?"

Ndinakangana nawo mpaka mawu anandithera. Ndinati nanga Seweryn akhale wothawa mpaka kalekale? Anati Seweryn ali ndi mayi amene akudziwa, ndipo zimenezo zimukwanira. Kenako anandiuza kuti ndiwaveke nsapato. Munthu amene sanatuluke m'nyumba chiyambire Pasaka anawoloka mlatho atandikolowekera pamkono, akupumira pa mpanda uliwonse, mendulo ili m'thumba la epuloni. Anaipereka okha. Anangoti, "Pepani, mwana wanga wamkaziyu anachedwetsa katundu wanu."

Lachisanu anavundukula mwala. A Walenty Kuras alipo, ndipo pansi pawo palembedwa Anzelm Kuras, msilikali wa ndege, 1943. Mayi Kuras anavala menduloyo pa chikhoto chawo, ndipo anthu amene ankawaseka aja ankachita kukanganirana kuwagwira dzanja. Dzina la Mazan palibe. Amayi anayatsa kandulo yawo pansi pa dzina la Anzelm, n'kusisita zilembozo ndi chala. Mayi Kuras ataona anawakumbatira, akuti, "Mulungu akudalitseni, mukulirira wanga pamene wanu sanapezeke. Musataye mtima, mwina tsiku lina adzalemba kalata." Ine ndinatuluka panja. Zikundiwawa, Teofil, ndipo sindikudziwa ngati amayi achita bwino. Ndikungodziwa kuti sindikanatha kuwerenga chikalata chija pakhomo paja.

Choncho usatumize. Anzako aja uwathokoze.

Koma pali ntchito imene yakugwera. Mayi Kuras akudziwa kuti unali komweko, ndipo sakundipatsa mpata wopuma. Akufuna uwalembere mmene mwana wawo anapezera mendulo, zonse, osasiya kanthu. Akufunsa ngati ankadya bwino, ngati ankaseka, ngati ankatchula za kwawo. Ulembe zoona zokhazokha, za moto, za jekete, za manja aja, ndi zina zimene sunatiuze. Paliponse pamene dzanja lako likufuna kulemba Seweryn, ulembe Anzelm. Imeneyo itumize pa positi, aitsegule amene akufuna.

Mayi Kuras sawerenga, ndiye adzabwera nayo kuno kuti ndiwawerengere. Uilembe yaitali, mlongo wanga, ndipo usathamange. Amayi adzakhala ali pabedi pomwepo, akumvetsera.

Ndine mchemwali wako,
Ludwika